Tulo ta Kamisiri

Ligaya anali ndi chiweto chaching'ono kwambiri. Dzina lake linali Kamisiri. Sikanali kamphaka. Sikanali kankhuku. Kanali kamphutsi ka mumtsinje.

Kamisiri kanali ndi nyumba yakeyake. Kanaimanga kokha ndi timchenga. Poyenda, kankayenda ndi nyumba. Pogona, kankagona m'nyumba.

Ligaya anakaika m'dengu lansungwi. Dengulo analikhazika m'madzi osaya, kuseri kwa munda wa mpunga. Pamwamba anaphimbapo kaneti.

Ligaya ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kudziwa mtundu wa Kamisiri.

"Mtundu wake ndi nyambo," anatero achimwene ake, a Benjo. "Ndipatse ndikawedzere nsomba."

"Zanu zimenezo!" anatero Ligaya.

Tsiku lina Kamisiri kanatseka chitseko cha nyumba yake. Ligaya anadikira. Anadikiranso. Chitseko sichinatseguke.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," anatero amayi.

Amayi ankagulitsa halo-halo, chakudya chozizira chotsekemera, pamsewu. Ankapala ayezi, kwe, kwe, kwe! Ankathiramo mkaka ndi nthochi. Ntchito ya Ligaya inali kuingitsa ntchentche.

Ntchentche ina yosamva inagwera m'bokosi la ayezi. Inangoti zii, ngati yafa. Ligaya anaiika padzuwa. Posakhalitsa inadzuka, n'kuuluka. Sinathokoze n'komwe.

M'mawa wina Ligaya anathamangira kumtsinje. Nyumba ya Kamisiri inali yotsegula. Munalibe kanthu! Koma pakaneti panali kachilombo kofiirira. Kanali ndi mapiko aubweya. Kanali ndi ndevu ziwiri zazitali.

"Kamisiri! Wamera mapiko!" anafuula Ligaya.

Kunyumba kunali mlendo, azakhali a Perlita. Iwo ankakhala mumzinda. Ntchito yawo inali kufufuza tizilombo ta m'mitsinje. Ligaya anawaonetsa Kamisiri m'kabotolo kouma.

"Eee, kukongola kwake!" anatero azakhali. "Chaka chino anzanga apeza mtundu watsopano kuseri kwa phiri. Mwina aka n'kamtundu umenewo."

"Mudziwa bwanji? Muona mapiko?"

"Ayi. Mapiko amafanana."

"Muona ndevu?"

"Ayi. Ndevunso zimafanana. Timaona kumchira. Kamphongo ka mtundu watsopano kali ndi tingowe tiwiri. Tingowe take n'topindika ngati nyanga za njati. Pakati pake pali kaminga."

Azakhali anatulutsa galasi lokulitsa zinthu. Koma Kamisiri sikanakhazikike. Kanalumphira uku. Kanalumphira uko. Azakhali sanaone chilichonse.

Kenako anatulutsa botolo la mankhwala.

"Tikakaika umu, kakhala bata," anatero.

"Kenako kadzuka?" anafunsa Ligaya.

Azakhali sanafune kunama. "Ayi, mwanawe. Sikadzukanso."

Mtima wa Ligaya unawawa. Ankafuna kudziwa mtundu wa Kamisiri. Koma Kamisiri ankakakonda koposa.

"Ndiye zikhale, azakhali," anatero, misozi ili lengelenge. "Kangokhala kopanda mtundu."

Azakhali anamusisita kumutu. Botolo la mankhwala analibweza m'chikwama.

Panja amayi ankapala ayezi. Kwe, kwe, kwe! Ligaya anamvetsera. Anakumbukira ntchentche yosamva ija.

"Azakhali! Ayezi amagoneka tizilombo! Tikagoneke pang'ono chabe!"

"Ukunena zoona," anatero azakhali. "Koma tisachedwe. Kakazizidwa kwambiri, sikadzuka."

Amayi anatsegula bokosi. Ligaya anagoneka kabotolo pa ayezi. Kamisiri kanalumpha kamodzi. Kanayenda pang'onopang'ono. Kenako kanangoti zii.

"Gona, Kamisiri, gona," ananong'oneza Ligaya.

Azakhali anakaika pakapepala koyera. Anayang'ana ndi galasi. Anamwetulira.

"N'kamphongo. Bwera uone wekha. Ukuona chiyani kumchira?"

Ligaya anatsinzina diso limodzi.

"Ndikuona kangowe. Ndikuona kangowe kena."

"N'towongoka?"

"Ayi! N'topindika ngati nyanga za njati!"

"Nanga pakati?"

"Pali kaminga! Azakhali, pali kaminga!"

"Basi, ndi komweko," anatero azakhali. "Mtundu watsopano ulinso mumtsinje wathu." Ndipo anakajambula chithunzi mwamsanga.

Ligaya ananyamula Kamisiri m'manja. Anatuluka nako padzuwa.

"Dzuka, Kamisiri, dzuka."

Kamisiri sikanadzuke.

Ligaya anachita mantha. Anakauzira mpweya wofunda, fuu. Amayi anasiya kupala ayezi. Azakhali anagwada pambali pake. A Benjo nawo anabwera. Anatchinga mphepo ndi chipewa chawo.

"Dzuka, Kamisiri, dzuka."

Onse anakayang'anitsitsa.

"Ndevu!" anakuwa a Benjo. "Kagwedeza ndevu!"

Kamisiri kanagwedeza ndevu imodzi. Kanagwedeza inayo. Kanayenda pachala cha Ligaya. Kanatambasula mapiko. Kenako kanauluka, kulunjika kumtsinje.

Ligaya anaseka. Amayi anaseka. A Benjo anapukuta m'maso.

"Achimwene, mukulirira nyambo?" anafunsa Ligaya.

"Ndani akulira? Ndi dzuwali!"

Amayi anakonza halo-halo wa aliyense. Onse anakhala pakhonde n'kumadya.

"Dengu lako lija ndikalichotse m'madzi?" anafunsa a Benjo.

"Lisiyeni pomwepo," anatero Ligaya. "Ana a Kamisiri adzafuna pomanga nyumba."