Sumaiya ndi Dzuwa Lobwera

Sumaiya anatuluka mu ofesi ya aphunzitsi mtima ukuwira, pepala lake litafiira ndi inki. Kunali kutatsala masiku atatu kuti sukulu yawo ya ku Lirangwe isankhe wophunzira mmodzi wokayankhula pa mpikisano wa sayansi ku Chileka, ndipo mwayi umenewo iye ankaufuna ndi mtima wonse.

Nkhani yake anaipeza pa foni ya achimwene ake. Akuti dzuwa ndi mapulaneti ake sizinabadwire mu mlalang'amba wathu uno, gulu lalikulu la nyenyezi lija, koma mu kamlalang'amba kena kakang'ono kamene wathuwu unameza. Nkhaniyi inamukomera ngati nzimbe. Makolo ake anachokera ku Mozambique, ndipo anzake ankamunena kuti wobwera mpaka makutu kuwawa. Nanga dzuwa lomwe likakhala lobwera, adzatinso chiyani?

Koma a Chilungamo, aphunzitsi a sayansi, anaikana.

"Timilalang'amba tomezedwato tilipodi," anatero. "Koma nyenyezi zochokera kumeneko zimayenda chopingasa, pomwe dzuwa limazungulira njira imodzi ndi zinzake za konkuno. Akatswiri ambiri akuti linabadwira muno. Umboni wako uli kuti?"

"Zili pa intaneti, sala."

"Walemba ndani?"

Funso limenelo ndilo linamutulutsa mu ofesimo. Kunyumba anasakasaka mpaka bandulo kutha, dzina la wolemba osalipeza. Masamba onse ankangobwereza mawu omwewo. Zinamuwawa, koma mwana wamakani uja sanasinthe ngakhale chilembo chimodzi.

Tsiku losankha anayankhula mokoma, kalasi yonse n'kuwomba m'manja. Kenako Aubrey, amene ankapikisana naye ndi nkhani youmitsa tomato padzuwa, anakweza dzanja.

"Koma iwe, wadziwa bwanji kuti ndi zoona?"

Sumaiya anayang'ana pepala lake. Akanatha kungotchula akatswiri a kunja amene sanawawerengepo, anzakewo sakanadziwa kanthu.

"Sindikudziwa," anatero motsitsa mawu. "Ndimangofuna kuti zikhale zoona."



Lachisanu minibasi ya ku Chileka inanyamuka ndi Aubrey ndi tomato wake. Sumaiya anaiperekeza ndi maso mpaka inakhota, misozi ili mbwembwembwe. Anaipukuta ndi kolala ya yunifomu, n'kukagogoda pa chitseko cha a Chilungamo.

"Sala, nanga akatswiriwo amadziwa bwanji? Ine ndiyambire pati?"