Mpando wa Bambo Berting

"Amayi, kodi akufa amamva tikamawanena?" Mwana wanga Tintin anandifunsa zimenezi ali wamng'ono, ine n'kungomuuza kuti adye. Sindine munthu wothamangira zinthu. Sukulu ndinaphunzira yamadzulo nditakula kale, ndipo ndinazolowera kufunsa kawiri ndisanavomere. Koma izi ndinaziona ndi maso anga masanasana, pa tchalitchi chathu chaching'ono kunja kwa mzinda wa Iloilo. Charisse Gallego anali pomwepo, mukhoza kumufunsa.

Charisse ankachita maphunziro apamwamba a uphungu wa odwala maganizo pasukulu ya masisitere, kumene za ubongo ndi za pemphero amaziphunzitsa limodzi. Lachinayi lililonse ankalandira anthu m'kachipinda kuseri kwa tchalitchi. Ine ndinamupititsira aneba anga, Amayi Erlinda.

Amuna awo, Bambo Berting, oyendetsa njinga yamoto yonyamula anthu, anali atangomwalira. Anali chimunthu chonenepa, chankhanza. Asanamenye mkazi, ankayamba agogoda mphete yawo pa mkono wa mpando, ndipo kudzera m'khoma la matabwa tonse tinkamva. Maliro atatha, Amayi Erlinda anasiya kugona, anasiyanso kulankhula. Mwana wawo wa ku Manila ananena kuti akapanda kuchira, agulitsa nyumba n'kuwatenga. Nyumbayo Amayi Erlinda anaimanga ndi ndalama zawo zochapa zovala za anthu.

Tsikulo anandigwira mkono pakhomo. "Aneba, mulowe nawo."

Charisse anayamba ndi pemphero, kenako anakoka mpando woyera wapulasitiki n'kuuika patsogolo pawo.

"Amayi, kusukulu tili ndi njira ina. Muyerekeze kuti bambo akhala apa. Muwauze zonse zimene munazimeza."

"Mwanawe," ndinatero ine, "masiku makumi anayi sanakwane chimwalirireni. Munthuyo akadayendayenda. Ukumupatsa pokhala?"

Anamwetulira. "Azakhali Medy, ndi pulasitiki iyi. Ifenso timachita m'kalasi, palibe amene anabwerapo."

"Akufa anuwo ndi aulemu," ndinatero. "Awa sunawadziwe."

Amayi Erlinda anayang'ana mpandowo nthawi yaitali. Kenako anati chapansipansi, "Berting, khalani."

Panja ana ankasewera mpira. Nalimata ankalira kudenga. Ndiye analeka. Kunabwera fungo la mafuta opaka m'tsitsi, otsekemera aja, losakanikirana ndi mowa wa kokonati. Ndinalidziwa. Linkatsala mumsewu Bambo Berting akadutsa.

Miyendo ya mpando inayamba kutanyuka. Pang'onopang'ono, mmene imachitira akakhalapo munthu wolemera. Pulasitiki inalira.

Go. Go. Go.

Mphete.

Cholembera cha Charisse chinagwa. Anagwira kolona wake m'khosi. "Amayi," ananong'ona, "tilekeze pompa."

"Ayi."

Amayi Erlinda anaimirira. Mkazi wamng'ono thupi, wa manja osupuka ndi sopo.

"Wabwera? Zikomo. Moyo wako wonse sunandimverepo, lero umva. Dzino ili unalichotsa ndiwe. Khutu ili silimva chifukwa cha iwe. Atambala ako andewu ankadya bwino kuposa ana ako."

Go-go-go-go.

"Gogoda! Ndimaidziwa nyimboyo."

Mpando unakhwekhwerezeka kutsogolo. Tonse tinamva. Ine ndinatchula dzina la Yesu chamumtima.

Amayi Erlinda sanabwerere m'mbuyo. Anawerama, n'kuika tsaya lawo pamene pakanakhala nkhope.

"Menya. Unkakonda kutseka mawindo. Lero menya aneba akuona, mwana wasukulu akuona, mtanda uli pakhomapo. Menya, mphongo iwe."

Zii.

Charisse anadzuka n'kukaima pambali pawo. "Pitirizani, amayi. Ndili pano."

"Ku Manila sindipita. Nyumba ija ndi yanga. Iwe yako ndi dothi."

Miyendo ya mpando inabwerera mwakamodzi, phwa! Fungo linatsala. Nditagwira pokhalira, panali potentha ndi ponyowa, ngati pachoka munthu wa thukuta.

Sisitere amene amayang'anira Charisse anamvetsera zonse m'mawa mwake. Anati simenti ya m'chipindacho ndi yoterera, komanso mantha amapatsirana. Mwina n'zoona. Koma anawaza madzi odalitsidwa, ndipo anati njira ya mpandoyo ayambe waisiya. Charisse anawayankha mwaulemu kuti alembe zimene akufuna pa za mayeso ake, koma munthu amene wangoyamba kulankhula iye samutseka pakamwa. Sisitere sanavomere, sanakanenso.

Madzulo ake ndinawapeza Amayi Erlinda pampanda, akuyanula zovala. Anali ataimbira mwana wawo lamya, n'kumukalipira mpaka msewu wonse unamva.

"Aneba, munagona dzulo?" ndinafunsa.

"Ngati mwala. Anagogoda kuchipinda, ndinamuuza adikire Lachinayi."

"Mukubwereranso?"

"Sindinamalize naye. Za mwana wanga woyamba uja, amene sanabadwe, sindinanene." Anapinda thaulo, n'kundiyang'ana. "Koma ndekha sindingathe. Mubwera?"

M'nyumba mwawo munali mdima, chitseko chili pululu. Fungo la mafuta a m'tsitsi linkafika mpaka pampanda.

"Ndibwera," ndinatero. "Lachinayi lililonse, mpaka mutamuuza zonse."

"Ngakhale mpando utayenda?"

"Ukayenda, ndiugwira miyendo."