Gwakisa ndi Pepala la Zitumbuwa

Gwakisa anakulira m'nyumba imene bodza linkasowa pokhala. Bambo ake, a Mwandemele, anali mkulu wa mpingo kuno ku Tukuyu, ndipo ndiwo ankawerenga zolengeza Lamulungu lililonse. Akamaliza kuwerenga kalata ankaikweza m'mwamba, kenako n'kuipereka kwa munthu wa pa benchi yoyamba kuti adzionere yekha. Ife tinkaseka, koma iwo ankati, "Chimene ndawerenga chioneke. Khutu silichedwa kunyengeka."

Mwana wawoyo Mulungu anamuninkha mawu. Ine ndakhala zaka makumi awiri kuseri kwa galasi pa wailesi ya m'tauni muno, ntchito yanga kukweza ndi kutsitsa mawu a oulutsa, koma ndisaname, mawu ngati a Gwakisa sindinawamvepo. Tsiku lake loyamba pa wailesi yathu, atangopereka moni, ndinaiwala ntchito yanga n'kumangomvetsera.

Bwana wathu anamupatsa pulogalamu ya zandale ya m'mawa. Sabata yachitatu anapeza kalata yonena kuti mlatho wina unamangidwa n'kutha, chonsecho ana asukulu ankaolokabe pa mitengo. Anaiwerenga yonse, kenako anaigwedeza pafupi ndi maikolofoni, pepala lija n'kulira kuti tswatswatswa.

"Mukulimva?" anatero. "Ndili nalo pano."

Mwezi usanathe, mlatho unayamba kumangidwa. Abale, zimene zinatsatira ndinaziona ndi maso angawa. Nthawi ya pulogalamu ikakwana, akabaza ankazimitsa njinga zawo. Azimayi othyola tiyi ankamangirira foni pakhosi kuti asaphonye liwu. Mkangano uliwonse pamsika unkatha munthu akangoti, "Gwakisa ali nalo pepala."

Bambo ake anakondwa, komabe anamuitanira pambali.

"Mwanawe, langa pepala anthu amaliona. Lako amangolimva. Ndiye kuti wasenza katundu wolemera kuposa wanga."

"Musadandaule, bambo. Ndine mwana wanu ine."

Chisankho cha makhansala chitayandikira, kunabwera a Ambindwile, munthu wa mimba yake, amene ankayendetsa kampeni ya mkulu wina wamalonda. Anamupeza Gwakisa pakhonde la wailesi akukamula jekete yonyowa ndi mvula, namunong'oneza nkhani yoipitsa khansala wina yoti akaulutse.

"Aaa, bwana wa mawu! Zoona tauni yonse ikugwadire, iwe n'kumaponda matope ngati bakha? Njinga yamoto yatsopano ikungodya fumbi kwathu."

"Nkhani mwabweretsayi ilibe umboni, akulu."

"Umboni? Iwe, wailesi ili ndi maso? Pepala ndi pepala, mphwanga. Onse amalira chimodzimodzi."

Gwakisa anaseka. Ine ndinayembekeza kuti akana, koma anangoseka basi.

M'mawa mwake ananena kuti khansala wina anagulitsa malo a msika, n'kuliza pepala. Ndinaliona bwinobwino kudzera pagalasi. Linali ndandanda ya nyimbo za tsikulo.

"Gwakisa, pepala lija ndaliona," ndinamuuza atatuluka.

"Mdala, inu ntchito yanu ndi mabatani. Zam'kamwa tisiyireni eni ake."

Ndinakhala chete, ndipo tchimo langa ndi limenelo. Ndinaopa kulimbana ndi munthu amene tauni yonse inkamukonda.

Njinga ija inabwera, masuti anabwera. Gwakisa anasiya kufika kumisonkhano ya ogwira ntchito, ati sangaphunzitsidwe ndi anthu amene mayina awo sadziwika. Anasiyanso kuvala zomvera m'makutu zimene ndinkamulankhulira ali pa wailesi, ati zimamuonongera tsitsi. Chimene sanasiye n'chimodzi chokha. M'mawa uliwonse ankadzera pasiteji ya basi pomwe mayi ake ankagulitsa zitumbuwa, iwo n'kumukulungira zitatu m'pepala.

"Njingayi wagula ndi malipiro ati?" anamufunsa tsiku lina.

"Anthu amandikonda, amayi."

"Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, mwanangu. Ndakuuza."

Kenako a Ambindwile anatchula dzina la mayi Sekela. Amenewa anali mphunzitsi wamkulu wopuma, mtsogoleri wa amayi mumpingo wa a Mwandemele womwewo, ndipo ndiwo ankaoneka kuti apambana ukhansala. Gwakisa analengeza kuti anagulitsa malata a sukulu ali pantchito.

"Ndili nalo pano. Mukulimva?"

Dzuwa lisanafike paliwombo, mazenera a mayi Sekela anali ataswedwa ndi miyala. Akulu a mpingo anakumana. Mayiwo analumbira akulira kuti sanakhudzepo lata ndi limodzi lomwe, ndipo akulu ena anayamba kufewa mtima. Koma a Mwandemele anaimirira.

"Mwana wanga akati ali nalo pepala, ali nalo. Ndinamulera ndine."

"A Mwandemele," anatero mayi Sekela, "inuyo mwaliona pepalalo?"

"Sindifunika kuliona."

Munthu amene ankakweza kalata iliyonse m'mwamba ndiye ananena mawu amenewo. Ndipo popeza a Mwandemele anali asananamepo, akulu anawamvera. Mayi Sekela anaimitsidwa kudya mgonero.

Lolemba lotsatira, bwana wathu anatiuza pamsonkhano kuti kuyambira Lachitatu pulogalamu izionekanso pa intaneti, anthu azionera pafoni. Anakhoma kakamera pamwamba pa chitseko. Gwakisa kunalibe, ndipo aliyense anaganiza kuti mnzake amuuza.

Lachitatu anafika mochedwa, nyimbo yotsegulira ikutha, zitumbuwa zili m'manja. Maikolofoni inali itatseguka kale. Ndinamukodola, ndikuloza chitseko. Iye anayesa ndikumutamanda, n'kundikwezera chala. Munthu wa wailesi anazolowera kuti dziko limamumva koma silimuona.

"Okondedwa omvera, lero ndagwira kalata yachiwiri, ya chidindo chofiira."

Anakhuthulira zitumbuwa patebulo, nawongola pepala lija, lamafutamafuta, lopanda ngakhale chilembo chimodzi. Ndiye anayamba kuwerenga. Anatchula masiku, anatchula mayina, anatchula ndi galimoto imene ati inanyamula malatawo, osadodoma ngakhale pang'ono. Ndikuuzeni zoona, ineyo amene ndinkaliona pepalalo ndinatsala pang'ono kukhulupirira. Ndinagwidwa ndi mantha kuona mphatso yaikulu chotere ikutumikira bodza.

Atamaliza analiza pepala, n'kuluma chitumbuwa mwakachetechete, foni yoyamba ikulowa.

"Muli pa wailesi, lankhulani."

"Gwakisa mwanangu," anatero mayi wina mofatsa, "chidindocho ndi cha mafuta ophikira?"

"Pepani mayi, mwati chiyani?"

"Tikukuonatu. Tonse kuno kumsika tili pafoni. Meza kaye chitumbuwacho, ungatsamwe."

Gwakisa anatukula maso pang'onopang'ono mpaka anakaona kakamera kaja. Anayasama, koma mawu aja amene ankaimitsa njinga pamsewu sanatuluke. Ine ndinamva ngati Mulungu mwini walowa m'chipindamo, ndipo ndinafulumira kuika nyimbo.

Ntchito inamuthera tsiku lomwelo. Ataimbira a Ambindwile, iwo anangoti, "Ndani kodi? Mwalakwitsa nambala." Madzulo anyamata awo anabwera kudzatenga njinga. Akabaza omwe ankamugwadira ankati akamuona, n'kutola pepala pansi kumuliza m'khutu. Mayi ake anakhala mwezi osapita pasiteji, chifukwa ogula ankati, "Mutikulungire m'kalata ya chidindo." Ngakhale nkhani ya mlatho ija, imene inali yoona, anthu anayamba kuikayikira.

Koma choopsa chinachitika Lamulungu. Tchalitchi chinadzaza mpaka panja. A Mwandemele anaimirira nthawi ya zolengeza atagwira kalata imodzi yokha, yolemba okha.

"Ine Mwandemele ndinachitira umboni chinthu chimene sindinachione. Ndinachotsa mlongo wathu pa gome la Ambuye chifukwa chonyadira mwana wanga. Kuyambira lero ndatula pansi ukulu wa mpingo."

Anaikweza m'mwamba monga kale. Koma sanaipereke pa benchi yoyamba. Anayenda mpaka kumbuyo kwenikweni, kumene mayi Sekela ankakhala chiwaimitsireni, nagwada, n'kuwapatsa ndi manja awiri.

Apo ndi pomwe Gwakisa, amene anabisala kuseri kwa chitseko, analowa akulira n'kudzagwada pambali pa bambo ake.

"Amayi, ndinalibe pepala. Ndinakunamizirani. Mundikhululukire."

Mayi Sekela anatembenukira kwa iye.

"Ndakukhululukira, mwanangu. Mazenera ndidzaika ena. Koma taona mutu wa imvi uwu wagwada pano chifukwa cha iwe. Umenewu udzaudzutsa bwanji?"

Mayi Sekela anabwerera ku mgonero, koma chisankho sanapambane, poti kumidzi yakutali bodza linafika, kanema sanafike. A Mwandemele sanawerengenso zolengeza mpaka kumwalira kwawo.

Lero Gwakisa amaitanira anthu okwera basi pasiteji yomwe ija. Analapa ndithu, ndipo mawu ake akadali okoma, moti ndikamadutsa ndimaima kuti ndimve. Koma akafuula kuti, "Ya ku Mbeya, kwatsala malo awiri!" munthu aliyense amayamba wasuzumira m'basimo kuti aone yekha.

Achinyamata inu amene mukulota zodzalankhula pa wailesi ndi pa kanema, mverani. Anthu akakukhulupirirani osaona, akupatsani chinthu chopatulika, ndipo simumachisenza nokha, mumasenzera limodzi dzina la amene anakulerani. Musachitire mnzanu umboni wonama, ngakhale muone ngati palibe akukuonani. Gwakisa anagwidwa ndi kakamera ka pamwamba pa chitseko, koma Mulungu ankaliona pepala lija kuyambira tsiku loyamba.