Malonda Amene a Malume Anawakana

Upile sankadziwa kanthu za masewera a besibolo, ndipo sankafuna n'komwe kudziwa. Koma malume ake, a Sosten, sanali munthu wowakanira. Ligi yawo inkaperewera munthu mmodzi, ndiye Loweruka lina m'mwezi wa Malichi anamuitanitsa kunyumba kwawo ku Lawrence, m'dziko la America, akadali mu yunifolomu yake ya unamwino.

Masewerawo anali a pafoni. Aliyense ankasankha osewera enieni a m'matimu akuluakulu a ku America n'kupanga timu yakeyake. Wosewera wako akachita bwino kubwalo, iwe unkakolola mapointi uli phee pampando. Unkathanso kusinthana osewera ndi mnzako, koma malonda aliwonse ankayenera kuvomerezedwa ndi a Sosten, mkulu wa ligiyo. Tsikulo linali losankha osewera, ndipo Upile analoza dzina la wosewera wina wotchuka.

"Ameneyo musamutenge, achemwali," ananong'ona mnyamata amene anakhala pafupi naye. "Aliyense akumuthamangira. Tengani wovulala phewayu."

"Wovulala? Kuchipatala ndimakhala ndi odwala tsiku lonse, ndiye kunonso ndidzitengere wina?"

Mnyamatayo anaseka mpaka misozi. Dzina lake linali Eugene, ankaphunzira za uinjiniya ku South Bend.

"Wovulala amachira. Lero palibe akumufuna, koma akadzabwerera m'bwalo onsewa adzakugwadirani. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Upile anamutenga wovulalayo. Nambala ya foni ya mwini malangizo anaitenganso, ati n'cholinga chofunsa za besibolo. Ha, besibolo yake iti!

Mauthenga oyamba analidi a masewera. "Wosewera akafika pachimake mugulitse, akagwa mugule." "Usasinthe timu chifukwa cha sabata imodzi yoipa." Koma pofika mu Meyi nkhani inali itasintha.

"Wadzuka bwanji, duwa langa? Timu yako yawina, koma wawina kwambiri ndine amene ndinakupeza."

"Iwenso ndiye pakamwa ngati shuga. Pita ukawerenge!"

"Ndiwerenga bwanji, tsamba lililonse ndikuonapo nkhope yako?"

Upile ankawerenga mawu amenewa pa nthawi yopuma kuntchito n'kumamwetulira yekha ngati wapenga. Loweruka akapuma, Eugene ankatsika ndi kagalimoto kake kuchoka ku South Bend, n'kukadyera limodzi m'malesitilanti a mu Lafayette Road, kumene ankaganiza kuti Amalawi sangawaone. Mtsikana anakonda, ndipo anakonda ndi mtima wonse.

Chinthu chimodzi chokha chinkamudya. Kwa iye a Sosten anali mayi, bambo ndi nkhoswe m'dziko la eni lino, ndipo kuwabisira kunkamupweteka.

"Tiwauza liti a malume?" anafunsa tsiku lina.

"Osati mwachibwana, wokondedwa. Ndipeze kaye munthu wamkulu wondiperekeza. Ndikulonjeza, sindidzakuchititsa manyazi pamaso pa munthu aliyense."

Mu Ogasiti msika wa osewera unali pafupi kutsekedwa. Timu ya Eugene inali pamwamba pa ligi. Ya Upile inangotsala pang'ono kulowa m'ndime yomaliza, koma inalibe woponya mpira wodalirika. Apa m'pamene chikondi chinamuchotsa nzeru katswiri wa malonda uja. Anapereka woponya wake wabwino koposa kwa Upile, posinthana ndi kawosewera kongokhalira pabenchi.

"Mphatso yako, mtima wanga. Ungodina povomereza."

Upile anadina mosangalala. Sanadziwe kuti wayatsa moto.

Gulu la ligi la pa foni linawira nthawi yomweyo. Woyamba kulumpha anali Dixon, bambo amene pakamwa pake sipankapuma.

"Abale, mwaona zimene atreda awa? Woponya wa golide kusinthana ndi chitsa? Apa pali kanthu! A komishonala a Sosten, tiinvestigetireni!"

Ena anathira ndemanga, ena zithunzi zoseka. Kenako a Sosten analemba okha, mawu ochepa koma olemera.

"A Eugene, lamulo mukulidziwa. Kukonderana pa malonda n'koletsedwa. Pali chilichonse pakati pa inu ndi mphwangayu?"

Upile anali m'chipinda chopumira anamwino, foni ili m'manja. Kodi Eugene anena? Kodi lero ndi tsiku lake? Anaona kuti akulemba, kenako wasiya, kenako akulembanso.

"Ayi bwana, palibe chilichonse. Ndi bizinesi chabe. Woponyayo wafika pachimake, mkono wayamba kutopa, ndiye ndafuna kumutaya asanagwe. Achemwaliwa ndi atsopano, sanazindikire."

Dixon anayankha msangamsanga: "Eee, ndiye mwawadyera masuku pamutu! Pepani a Upile, mwalowa m'tauni!"

Upile anamva ngati wathiridwa madzi ozizira. Palibe chilichonse? Iye, duwa lija, lero wasanduka "achemwaliwa"? Ngati Eugene ananena zoona, ndiye kuti anamupusitsa. Ngati ananama, ndiye kuti anamukana pamaso pa malume ake ndi gulu lonse. Zonse ziwiri zinkabaya mofanana. Analowa m'bafa n'kulira mpaka maso kufiira.

Foni inayamba kulira. Sanayankhe. Mauthenga anagwa ngati mvula.

"Bebi, ndimvetsere. Sindikanatha kuwauza a malume pagulu ngati nkhani ya mpira."

"Upile wanga, chonde."

Iye anayankha kamodzi kokha. "Unati sudzandichititsa manyazi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndakubloka, usandifunenso."

A Sosten anawakana malondawo, woponya anabwerera kwa mwini wake. Upile anasiya kutsegula za ligi. Ankapita kuntchito, kubwerera, kugona. Kutchalitchi ankafika mochedwa n'kutuluka msanga poopa maso a Dixon. Koma mtima ndi wopusa, abale. Foni ikangolira, unkadumphabe.

Lamlungu lina masana, atatuluka m'mapemphero, anapita kukadya kwa malume ake monga mwa chizolowezi. Akutsuka mbale anamva galimoto ikuima panja. Anasuzumira pawindo. Anali Eugene, atavala jekete pa dzuwa lotentha chonchija, pambali pake pali a Chester, mkulu wa mpingo wa Amalawi ku South Bend.

Upile anaima kuseri kwa chitseko cha kukhitchini, m'manja muli thovu.

"Tabwera ndi mlandu komanso pempho," anayamba a Chester atalonjerana. "Mwanayu anakunamizani. Alankhule yekha."

Eugene anatsika pampando n'kugwada pakapeti.

"Bwana, woponya uja analibe vuto lililonse. Ndinamupereka chifukwa ndimamukonda Upile. Mutandifunsa pagulu ndinachita mantha. Ndinaona kuti n'chipongwe kuti nkhani ya mphwanu muimvere pafoni, a Dixon akuombera m'manja. Pofuna kukulemekezani inu, ndinamunyoza iye. Ndinalakwa kwambiri."

A Sosten anamuyang'ana n'kupukusa mutu.

"Iwe umayesa ndine mwana? Munthu amene watizunza chaka chonse ndi malonda ochenjera, lero apereke woponya wotere kwaulere? Ndinadziwa tsiku lomwelo kuti apa si mkono watopa, ndi mutu wazungulira. Ndimangodikira ndione ngati uli mwamuna."

A Chester anatsokomola pobisa kuseka.

"Koma lamulo ndi lamulo," anapitiriza a Sosten. "Wokondera amachotsedwa mu ligi. Uli pamwamba, chikho chili pafupi. Ukuvomera?"

"Ndichotseni lero lomwe, bwana."

"Sindinathe. Unamukanira pagulu. Ukamuvomerenso pagulu pomwepo."

Eugene anatulutsa foni n'kuyamba kulemba. Posakhalitsa foni ya Upile inanjenjemera m'thumba la epuloni. Anapukuta manja n'kutsegula gulu lija limene anali atasiya kuliwerenga kalekale.

"Abale, ndinanama. Upile sanapusitsidwe, wopusa ndinali ine. Ndimamukonda, ndipo ndili kwa a malume ake kudzapempha kuti akhale mkazi wanga. Ligi ndaisiya."

Dixon, ngati amagona pafoni, anali atayankha kale: "Ndinanena ine! Suti ndisoketse?"

Upile anaseka misozi ikutsika. Mkwiyo unalipobe, inde, koma chimwala chimene chinakhala pachifuwa pake masabata onsewa chinali chitasuntha.

"Upile!" anaitana a Sosten. "Tuluka kuseri kwa chitsekoko, mapazi ako tikuwaona."

Anatuluka mwamanyazi n'kugwada pafupi ndi malume ake. Eugene sanayerekeze kudzutsa mutu.

"Alendowa abwera ndi mawu. Koma ine sindigulitsa munthu ngati woponya mpira. Malonda awa wovomereza ndiwe. Mnyamata wagwada apayu, ukumudziwa?"

Upile anamuyang'ana Eugene, thukuta likuyenderera m'khosi mwa jekete. Mawu akuti "ayi, palibe chilichonse" anafika mpaka pa lilime, kuti naye alawe kuwawa kwake. Anamusiya apse pang'ono, mpaka mnyamatayo anadzutsa maso odzaza misozi.

"Ndikumudziwa, a malume," anatero Upile motsitsa mawu. "Ndi wanga."