Sewero la Pakhonde la Baba Oyelakin

Chikwama cha Ibidun chinali kale m'galimoto, ndipo amayi ake anali atayamba kuliza hutala. Koma mtsikanayo anangoti chilili pakhonde, maso ali pa agogo ake, Baba Oyelakin, amene ankakalipira mbuzi kuti ichoke kutsogolo kwa kamera. Kamerayo panalibe.

Mu Ibadan monse, ndani sankawadziwa bambo amenewa? Anasewerapo mafumu, akuba ndi asing'anga m'makanema osawerengeka, kenako n'kuyamba kujambulitsa awoawo. Za mapepala analibe nazo ntchito. Ankangofotokoza nkhani pakamwa, osewera n'kumayankhula za kumtima. Ibidun anakulira pamiyendo pawo, akudya akara wotentha, zitumbuwa za nyemba, n'kumaonera agogo ake akufa pa kanema Loweruka, Lamulungu n'kudzukanso mu kanema wina.

Koma ukalamba ulibe chisoni, abale. Mutu unasiya kugwira, ndipo dzina la mdzukulu wawo linawathawa. Tsopano Ibidun ankapita ku sukulu yogonera komweko ku Ilorin, ndipo adokotala anali atanena kuti pofika tchuthi mwina adzapeza mpando wokha. Iye ankalakalaka chinthu chimodzi basi: kumvanso dzina lake likutuluka pakamwa pawo. Anali atayesa kuwakumbutsa mpaka kutopa, masiku ena mokalipa ndithu, nkhalambayo n'kumangonjenjemera ndi mantha.

"Iwe mtsikana!" anamuitana Baba. "Ino ndi nthawi yofikira pantchito? Dzuwa likatithawa tiwalitsa ndi chiyani, mano akowa?"

Ibidun anatsegula pakamwa kuti anene zija za masiku onse, zoti "ndine mdzukulu wanu." Anawayang'ana mmene anaongokera pampando, maso ali gwa ngati kale. Anameza mawuwo n'kugwada.

"Pepani Baba, magalimoto anathithikana pamsika wa Dugbe. Lero ndisewera ndani?"

Nkhope ya Baba inawala. Anakonza chipewa chawo n'kutsokomola. "Ehee, ndiye kuyankhula kumeneko! Tamvera. Ine ndine nkhalamba, iwe ndiwe mdzukulu wanga, ukupita kutali. Usandilirire mokuwa ngati pamaliro a mfumu, wamva? Misozi ibwere yokha. Tiyeni!"

Anaika dzanja pamutu pake n'kuyamba oriki, mawu aja otamandira munthu ndi mtundu wake. Mawu awo anatuluka amphamvu, osaphonya pena paliponse.

"Mwana wa oluka nsalu, amene zala zawo sizigona. Mwana wa owoloka mtsinje wa Ogunpa madzi atakwiya. Mwana wobadwa mvula ikugwa, dzuwa likuwala..."

Ibidun anakweza maso. Mzere womalizawo unali wake yekha, anamupekera tsiku lomupatsa dzina, ndipo pambuyo pake pankabwera dzina lenilenilo. Hutala uja anali atasiya kulira. Amayi ake anali ataima pachipata, dzanja lili pakamwa.

Milomo ya Baba inafunafuna dzinalo. Koma silinatuluke. Ibidun anadikira, anadikirabe, misozi ikugwera pa yunifolomu yake yatsopano.

"Basi, zimitsani!" anakuwa Baba, akukweza dzanja kwa anthu amene panalibe. Anamuweramira n'kumupukuta tsaya ndi mkono wa malaya awo. "Luso uli nalo iwe, ungosiya zochedwazi. Koma kaliridwe kakoka! Mphuno kuchucha kaye, misozi pambuyo. Ukundikumbutsa mwana wina wa m'nyumba muno."

"Ndani, Baba?"

"Ibidun," anatero, pang'onopang'ono, ngati akulawa uchi. "Ibidun wanga. Masiku ano sabwera, kaya ndinamulakwira chiyani. Ukakamuona kutauniko, ukamuuze kuti agogo ake amusowa."

Ibidun anagwira dzanja lawo ndi manja ake onse awiri.

"Ndikamuuza, Baba. Nayenso wakusowani kwambiri."