Madontho pa Nsalu ya Pabedi

Lolemba m'mawa Kachete anapeza madontho atatu a magazi pa nsalu ya pabedi. Anadzifufuza thupi lonse, bala osalipeza. Mtsikana wina akanangoti wapita kumwezi, koma Kachete, wa zaka makumi awiri ndi ziwiri, anali asanaonepo msambo chibadwire. Adokotala anamuuza kalekale, akumusendezera kampango asanayambe n'kulira komwe, kuti anabadwa wopanda chiberekero ndipo palibe amene analakwa. Ankadziwa nkhaniyi anali iye ndi mayi ake basi, amene anthu ankawatchula kuti Atelala.

Nanga magaziwa anali a ndani?

"Bweretsa ndichape," anatero Atelala, osamuyang'ana kumaso. Anakachapira pampopi wa onse, pakati pa nyumba za lendi, nthawi imene azimayi amandanda ndi zidebe. Anachapa mosafulumira. Pamzerepo panali mayi a Makaniko, mnyamata amene ankafuna kukwatira Kachete. Mayiwa ndi amene ankakonda kufunsa anzawo kuti, "Kodi mpongozi wangayu munamuonapo atayanika kanthu? Kapena amayanika m'sutikesi?"

Usiku wachiwiri magetsi anazima. Mdima unali woti ngakhale dzanja lako sungalione. Kachete anamva chitseko chikulira pang'onopang'ono, kenako mpweya wa munthu pafupi ndi mapazi ake, ndi kamawu konga ka munthu woluma mano ndi ululu. Anadzifunditsa kumutu mpaka tambala analira. M'mawa madontho anali asanu.

A khomo loyandikana anati nawonso amamva mapazi kuseri kwa khoma. Ena anayamba kunong'ona za mayi wina amene akuti anafera m'chipindamo pobereka. Koma chimene chinamusowetsa tulo Kachete sichinali mzimu. Anali atayamba kuganiza kuti mwina adokotala aja analakwitsa. Masana anapita kugolosale, nagula mapadi koyamba m'moyo wake. Wogulitsa anamukulungira m'nyuzi kawiri.

Usiku wachitatu sanagone. Anafumbata foni m'bulangete. Chitseko chinalira. Mapazi opanda nsapato anayandikira, bedi n'kutsika pang'ono mbali imodzi. Kachete anawerenga mumtima mpaka khumi, n'kuyatsa tochi.

Anali mayi ake, atagwada, lezala losolera ulusi lili kudzanja lamanja. Chala chakumanzere chinkadontha pansalu. Zala zina ziwiri zinali zomanga kale ndi tizigamba.

"Zimitsa, anthu aona," ananong'ona Atelala.

"Amayi, mwandichititsa kugula mapadi."

"Mwanangu, ndimangofuna masiku anayi okha mwezi uliwonse, mpaka ukwati utachitika. Apongozi ako dzulo anandipatsa moni wa manja awiri. Sunaone?"

"Ukwati ukachitika, mudzabwera kudzadontheza kwa eni ake? Nanga mimba mudzandisokera?"

Atelala anayang'ana pansi. "Ndimafuna anthu azikuona ngati mkazi."

"Inu mumandiona ngati chiyani?"

Magazi anali atafika pachigongono, chifukwa mumdima anali atadzicheka mozama. Kachete anatsegula paketi ija, natenga padi imodzi n'kuwakulunga chala. Ntchito yokhayo imene mapadiwo anagwira inali imeneyo.

Kutacha Kachete anapita kugalaja kukamuuza Makaniko zoona zake. Makaniko anapukuta mpando ndi malaya ake kuti iye asadetse siketi, namvetsera zonse mpaka kumapeto. Kenako anayang'ana sipanala imene inali m'manja mwake nthawi yaitali.

"Ndipatseni nthawi, ndiganize," anatero.

Sabata inatha, ina n'kutha. Mayi a Makaniko anayamba kutunga madzi mbandakucha, pampopi pasanafike munthu.

Madontho sanaonekenso. Koma a khomo loyandikana amanenabe kuti m'nyumbamo muli chinthu, chifukwa pakati pa usiku amamva kaphokoso, tche, tche, tche, ngati mano a khoswe. Kachete amakamvanso, ali chigonere, maso ali kudenga. Amadziwa kuti ndi mayi ake kuchipinda chosokera, akusola diresi loyera la ukwati wake ndi lezala lomwe lija, ulusi umodziumodzi, kuti nsaluyo isaonongeke.