Dambo Lotupa la ku Kilmorrie

Chodabwitsa choyamba chinali chikhomo chachinayi. Chinali chitasuntha.

Ndapile Mwale ankagwira ntchito ku kabungwe kena ka mu Glasgow koyang'anira minda imene eni ake anasainira pangano lakuti idzakhala minda mpaka kalekale. Pangano lotere limamatirira ku nthaka. Mwini angamwalire, munda ungagulitsidwe, koma palibe womangapo nyumba, kuphwetsa dambo kapena kutayapo zinyalala. Ndapile ankayendera mafamu khumi ndi asanu ndi atatu, kuima pa zikhomo zachitsulo za m'malire, kujambula malo omwewo chaka ndi chaka, kenako n'kusaina lipoti.

Famu ya Mayi Bessie, mayi wamasiye wa zaka zoposa makumi asanu ndi atatu, inali kumapeto kwa katawuni ka Kilmorrie, kunja kwa mzinda. Kumunsi kwake kunali dambo lotetezedwa. M'mawa wina mu Novembala, Ndapile ataima pa chikhomo chija, anapeza kuti mtengo waminga umene pa chithunzi cha chaka chatha unali patsogolo pake tsopano unali kumbuyo. Anayeza ndi mapazi. Chikhomo chinali chitalowa m'dambo mapazi khumi ndi awiri, koma pamene chinali kale panalibe dzenje, udzu unali wogwirana bwinobwino. Chisanu chinali chitayeretsa munda wonse kupatula kadera kameneko, komwe kanali kobiriwira ndiponso kotukuka ngati mimba. Atagwira pansi, nthaka inali yofunda. Inkanunkha ngati mazira owola osakaniza ndi penti.

Anawapeza Mayi Bessie kukhitchini akutsokomola chifuwa chouma. Anamuuza kuti nkhosa zisanu ndi ziwiri zinali zitafa chiyambire Seputembala, ubweya ukusosoka wokha, ndipo dokotala wa ziweto anangopukusa mutu.

"Nanga chikhomo chija anasuntha ndani, mayi?"

Mayi Bessie anayang'ana pawindo, kenako anatsitsa mawu. "Ndi a Marcus, mwananga. Malemu amuna anga. Ndi amene anasaina pangano lija, ndipo phulusa lawo tinakawaza m'dambo momwemo. Kukangoda ndimamva thirakitala yawo. Siyatsa nyali. Imangong'ung'udza kumunsiko, n'kusiya, n'kuyambiranso."

Potuluka, Ndapile anasuzumira m'shedi. Thirakitala inali momwemo, yadzimbiri, yopanda matayala awiri, akangaude atamanga pachiwongolero. Pageti anakumana ndi Lewis, mwana wa Mayi Bessie, bambo wa imvi amene ankakhala m'tawuni n'kumabwera kudzaona nkhosa.

"Amayi akalamba, amamva zimene palibe," anatero Lewis osamuyang'ana m'maso. "Chikhomo chanucho mwina chinagundidwa ndi ng'ombe."

Pafamupo panalibe ng'ombe ngakhale imodzi.

M'tawuni anthu ankalankhula zambiri. Mayi wa m'golosale anati agalu ayamba kukana njira yodutsa kudamboko, umachita kuwakoka. Wopereka makalata akuti anamva kubuula kochokera pansi pa nthaka, ndipo achikulire ankati pansi pa dera lonselo pali migodi yakale ya malasha imene sinatulutse onse amene analowamo. Wina analumbira kuti anaona anthu oyera mbee, ataliatali, opanda nkhope, akuwerama m'dambomo ngati akufunafuna chotayika.

Ndapile anamangirira kamera yojambula yokha pa mtengo waminga uja. Atabwerera patatha masiku atatu, kamera panalibe. Lamba wake sanadulidwe. Anali atamasulidwa, n'kukulungidwa mosamala, n'kuikidwa pamwamba pa chikhomo, ndipo chikhomocho chinali chitalowanso m'dambo mapazi ena anayi.

Kamera yachiwiri anaibisa m'mphako ya mpanda wamiyala. Zithunzi zake anazionera ku ofesi pamodzi ndi abwana ake, a Joanna. Zambiri zinali mdima wokhawokha. Pa china nkhosa zonse zinali zitaunjikana pakona, mitu italoza mbali imodzi. Pa chomaliza, m'mphepete mwenimweni, panali chinthu choyera choimirira, ndipo pamene panayenera kukhala nkhope panali zibowo ziwiri zakuda ndi chimlomo chozungulira.

A Joanna anayang'anitsitsa chithunzicho. "Ndi izi zokha sitingaumirize munthu kutsata pangano," anatero. "Mwini munda ndi Mayi Bessie, ndiye kalata iliyonse ipita kwa iwo. Koma chonde, musapiteko nokha kukada."

Lachisanu Ndapile anabwerera kudambo kuja ndi mwamuna wake Flywell, woyendetsa mabasi, amene tsikulo sanali pantchito. M'nyengo yozizira kumeneko dzuwa limalowa anthu asanaweruke, moti itangokwana hafu folo kunali kutada kale. Galimoto anaisiya kuseri kwa tchalitchi, n'kuyenda m'mbali mwa mpanda mpaka pamene kamera inabisidwa, n'kunyonyomala kuseri kwa miyala yonyowa. Kunalibe mwezi. Nkhungu inkakwera kuchokera m'dambo pang'onopang'ono, ndipo kutali kwambiri magetsi a mzinda ankangofiiritsa mitambo. Ankamva madzi akudontha m'miyala, nkhosa ina ikutsokomola ngati munthu, basi.

"Amayi a Emma," ananong'ona Flywell, "tinachoka ku Dedza kudzabisalira mizukwa ya ku Scotland?"

"Khalani chete inu. Tamverani."

Poyamba sanamve ndi makutu. Anamva m'mawondo, nthaka ikunjenjemera pang'ono. Kenako kunabwera kung'ung'udza kuja, kolemera, kochokera mbali ya njanji yakale imene inasanduka msewu wa udzu. Kunkayandikira, n'kusiya, n'kuyambiranso. Nkhosa zinathamangira pakona zonse pamodzi, ziboda zikugunda pansi. Ndapile anamva dzanja la mwamuna wake likumufinya mkono mpaka kupweteka. Mu nkhungumo munatuluka chimthunzi chachikulu chopanda nyali, ndipo patsogolo pake pankayenda zinthu zoyera zitatu, mwakachetechete, chimodzi chikukupiza dzanja ngati chikulondolera nyama yakhungu.

Zinthuzo zinawerama. Ndapile anaona ndi maso ake udzu wa dambo ukukulungidwa ngati mphasa, mzere ndi mzere, n'kusiya dzenje lakuda. Chimthunzi chija chinabwerera chambuyo, chinalira ngati chitseko chadzimbiri, ndipo m'dzenjemo munagwera zinthu zolemera zikugundana: gu, gu, gu. Fungo linawafika, lotsamwitsa.

"Ndi lole," Flywell anapumira m'khutu mwake. "Ndi migolo iyo. Ndi anthu awa, avala zodzitetezera."

Mantha a Ndapile sanathe. Anangosintha mtundu. Anatulutsa foni kuti ajambule, koma kuwala kwake kunamuunika pachibwano asanaiphimbe. Mmodzi mwa anthuwo anaweramuka. Anaima osasuntha, kenako anayamba kubwera, mabuti akufwamphuka m'matope, mpaka anafika tsidya lina la mpanda, pafupi moti ankamva mpweya wake ukuliza mluzu m'chophimba kumaso. Ndapile anatseka maso. Anaganiza za mwana wawo Emma, amene anali ku kwaya ku Springburn akudikira kuti amutenge.

"Marcus!"

Mawuwo anachokera kumtunda, owonda, onjenjemera. Kuwala kwa tochi kunkatsika m'munda kukugwedezeka. Anali Mayi Bessie, atavala jekete lalikulu lachimuna, ndodo kudzanja lina, akutsokomola pa mapazi angapo alionse. Lole inazima. Munthu amene anali pampanda anatembenuka, koma sanathawe. Mayiwo anafika n'kumuunika kumaso, ndipo iye anakweza dzanja pang'onopang'ono n'kuvula chophimba chija.

Anali Lewis.

"Amayi, bwererani m'nyumba. Kukuzizira."

Mayi Bessie anamuyang'ana nthawi yaitali. "Ndinakuona pawindo mwezi watha," anatero. "Umayenda mopendekera ngati bambo ako. Ndinati ndi iwowo. Tsiku lililonse ndinkadziuza kuti ndi iwowo." Anaunika m'dzenje, pa migolo yophwanyika imene inkachucha madzi achikasu. "Bambo ako wawathira izi pamwamba."

Lewis anatsala yekha. Anzake awiri anali atalowa kale mu nkhungu. Flywell anali ataimbira apolisi chogona pansi, ndipo apolisiwo anafika woyendetsa lole akulimbanabe ndi matayala otitimira m'matope.

Sabata yotsatira dambo lonse linazunguliridwa ndi malamba achikasu a apolisi. Akatswiri anapeza kuti madzi a pachitsime cha pafamu sanalinso oti munthu n'kumwa, ndipo Mayi Bessie anagonekedwa m'chipatala. Ndapile atakawaona, anamugwira dzanja n'kumupempha kuti mu lipoti alembe kuti iwo ndi amene analoleza, dzina la mwana wawo lisaoneke.

"Sindingathe, mayi," anatero Ndapile. "Ndilemba zimene ndinaona."

Mayiwo anatembenukira kukhoma.

Wapolisi amene ankafufuza nkhaniyo anabwera ku ofesi Lachinayi masana, nyali zitayatsidwa kale. Anati woyendetsa lole waulula kuti akhala akubwera kudamboko nyengo zozizira zitatu, akusuntha zikhomo pang'onopang'ono kuti malo okwiriridwa azioneka ngati ali kunja kwa malire. Ndapile anacheuka. M'kabati kumbuyo kwake munali malipoti awiri a famuyo, a zaka ziwiri zapitazo, onena kuti zonse zili m'malo mwake, ndipo pansi pa lililonse panali dzina lake.

"Chifukwa chiyani anasankha munda wotetezedwa?" anafunsa a Joanna.

Wapolisiyo anatsegula kabuku kake. "Akuti minda yotere ndiyo yabwino. Palibe adzamangepo nyumba, ndiye palibe adzakumbepo mpaka kalekale." Anatembenuza tsamba. "Akutinso si famu imeneyi yokha. Anatayako ku minda ina inayi kapena isanu."

"Iti?" anafunsa Ndapile.

"Sakudziwa. Ankayenda osayatsa nyali, wina atavala zoyera akuwatsogolera. Akuti munthuyo sanali Lewis nthawi zonse, ndipo nkhope yake sanaionepo."

Wapolisi atapita, Ndapile anaimirira pamaso pa mapu aakulu a pakhoma. Mafamu khumi ndi asanu ndi awiri otsalawo anali atazunguliridwa ndi inki yobiriwira, ndipo iliyonse inali ndi mwini wake amene ankamulandira pageti n'kumufunsa za mwana. Kunja kunali kutayamba kuda.